Kukonza mitundu ya mtunda ndi nyanja m'gemu yoyendetsa ndege

Munthu akaona kuti dziko la m'gemu yake yoyendetsa ndege lili mbuu ngati nsalu yosuluka, amathamangira kukweza saturation, kulimba kwa mitundu. Udzu umabiriwira mpaka kuthobwa m'maso, nyanja imasanduka buluu wa penti, ndipo pa chithunzi choyamba zimakoma ndithu. Koma kwerani pa mafiti 6,000 muyang'ane kutsogolo, bodza lake limaonekera pomwepo: phiri lili pa makilomita 40 likubiriwira mofanana ndi munda uli kunsi kwa phiko. Palibe woyendetsa ndege anaonapo zotere. Mtundu umene umafika m'diso la munthu ali m'mwamba umakhala utadutsa m'mpweya wautali, ndipo mpweyawo umausintha kwambiri. N'chifukwa chake ntchitoyi ili ndi dongosolo lake. Muyambe ndi sikirini, kenako mpweya ndi dzuwa, kenako zithunzi za pansi ndi madzi. Fyuluta, pulogalamu yosintha mitundu ya chithunzi chonse cha pa sikirini, ibwere pamapeto penipeni. Mukayambira kumapetoko mumakonza malo amodzi n'kuwononga khumi.

Zitsanzo za pano zikuchokera ku Microsoft Flight Simulator ya 2020, yopangidwa ndi Asobo Studio, ndi X-Plane 12 ya Laminar Research. Mayina a mabatani amasiyana m'magemu ena, koma kuwala ndi madzi n'zomwezo.

Sikirini

Milandu yambiri imene gemu imasenzetsedwa ndi ya sikirini. Masikirini ambiri amabwera atatcheredwa kuti akope wogula: owala kwambiri, zoyera zake zopendekera ku buluu, mitundu yokokomezedwa. Lowani m'mabatani a sikirini yeniyeniyo, osati a gemu, musankhe sRGB, muyezo wamba wa mitundu ya pa kompyuta, ngati ilipo. Pamene palembedwa Color Temperature ikani 6500K, gamma ikhale 2.2, kuwala kutsike kufika cha m'ma 120 cd/m² ngati m'chipindamo simuwala kwambiri. Ngati mulibe chida choyezera, imikani pepala loyera pambali pa sikirini. Tsamba loyera la pa sikirini lisalipose pepalalo patali.

Masikirini ambiri amakono amatha kuonetsa mitundu yochuluka kuposa ya sRGB, monga a DCI-P3. Akalandira chithunzi cha sRGB amachitambasula kuti chidzaze mphamvu zawo zonse, ndipo zobiriwira ndi zofiira ndizo zimapyola kwambiri. Apa ndi pamene anthu awiri a gemu imodzi, oima pa bwalo la ndege limodzi, amatsutsana osamvana, wina akuti udzu ukuthobwa, wina akuti uli bwinobwino. Onse akunena zoona.

Zimitsani Night light ya Windows, chifukwa imathira chikasu pa chilichonse. Ngati khadi lanu la zithunzi ndi la NVIDIA, bwezerani Digital Vibrance pa 50. Ngati mwalumikiza ndi HDMI, makamaka ku TV, onani Output dynamic range. Pali Full, yochokera pa 0 kufika 255, ndi Limited, yochokera pa 16 kufika 235. Kompyuta ndi sikirini zikasiyana pamenepa, mwina zakuda zimatuwa n'kuoneka ngati pali utsi paliponse, mwina mithunzi imada bii n'kumeza nkhalango yonse. Vuto limeneli fyuluta siilithetsa. HDR, njira yoonetsera zowala kwambiri ndi zakuda kwambiri pamodzi, iyambe yazimitsidwa. Mudzaiyatsa zonse zikakhazikika, n'kuikonza payokha.

Chofanizira

Zimene munthu amakumbukira za mtundu sizodalirika. Aliyense amakumbukira udzu wobiriwira kuposa mmene unalili ndi nyanja ya buluu kuposa mmene inalili. Zithunzi zotsatsira malo okopa alendo n'zoipa kwambiri pa ntchitoyi, chifukwa zambiri zimajambulidwa ndi galasi la polarizer limene limachotsa kunyezimira kwa pamwamba pa madzi, kenako amazikometsanso pa kompyuta. Nayo foni imawonjezera mtundu yokha musanaiuze. Funani zithunzi zingapo za malo amodzi, zojambulidwa pa windo la ndege ndi anthu osiyanasiyana, ndipo mukhulupirire zimene zikugwirizana, osati chokongola kwambiri.

Za mtundu wa nthaka ndi wa madzi pa tsiku linalake, masetilaiti a Sentinel-2 a European Space Agency ndi abwino. Zithunzi zake n'zaulere pa Copernicus Browser, pixel imodzi imaimira mamita 10, ndipo malo amodzi amajambulidwa pafupifupi masiku 5 alionse, kotero mungaone mmene dera limasinthira chaka chonse. Chenjerani ndi chinthu chimodzi. Zithunzi za L2A anazichotsa kale mphamvu ya mpweya, zikuonetsa nthaka ngati mwaima pompo. Za L1C zikadali ndi mpweya wake. Pokonza zithunzi za pansi fanizirani ndi L2A. Musayembekezere kuti zooneka pa windo la ndege ya m'gemu zifanane nazo.

Kenako konzani malo oyeserapo osasinthasintha. Sankhani mabwalo a ndege anayi osiyana kotheratu: Nassau ku Bahamas, MYNN, chifukwa cha madzi osaya ndi akuya oyandikana, Amsterdam Schiphol, EHAM, chifukwa cha minda yobiriwira ndi North Sea yotuwa, Innsbruck, LOWI, chifukwa cha mapiri ndi nkhalango, Las Vegas, KLAS, chifukwa cha chipululu. Paliponse ikani tsiku limodzi, nthawi ya 10 koloko m'mawa kapena 2 koloko masana, nyengo yoika nokha osati ya Live, yotsatira nyengo yeniyeni ya tsikulo, ndi kutalika kwa mafiti 5,000. Jambulani katatu: dzuwa lili kumbuyo, lili pambali, lili kutsogolo. Musunge zithunzi zoyambazi musanakhudze kanthu. Popanda izo, pakatha ola limodzi simudzadziwanso ngati mukupita kutsogolo kapena m'mbuyo.

Mpweya ndi dzuwa

Mpweya umamwaza kuwala m'njira ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mtundu wake. Mpweya woyera weniweni umamwaza kwambiri kuwala kwa buluu; pakati pa buluu wa 450 nm ndi kufiira kwa 700 nm (muyezo wa kutalika kwa mafunde a kuwala), buluu amamwazika pafupifupi ka 6 kuposa mnzakeyo. Ndi zimene zimapangitsa thambo kukhala la buluu ndi mapiri akutali kuoneka abuluu. Fumbi, utsi, mchere wa m'nyanja ndi chinyezi, zomwe timadontho take n'tokulirapo, zimamwaza mitundu yonse pafupifupi mofanana, ndiye zimathira kutuwa koyererako. Zimamwazanso kuwala kochuluka kulowera komwe kukupita kale, n'chifukwa chake mukayang'ana kumene kuli dzuwa dziko limayera mbuu, mukalifulatira mitundu imabwerera. Ngati zithunzi zanu zitatu zija zili ndi mitundu yolimba mofanana, mpweya wa m'gemu mwanu wachepa.

Ambiri amauchepetsa okha. Amakankha batani la kutalika koonera mpaka kumapeto chifukwa akufuna kuona dziko lonse limene khadi lawo lodula lingajambule. Pa mamita 1,000 m'mwamba, pamene thambo limakumana ndi dziko pali pa makilomita pafupifupi 113, ndipo masiku oti munthu n'kuona bwino mpaka kumeneko ndi owerengeka. Amabwera mpweya ukakhala wozizira, wouma, mvula itangotsuka kumene. Pa tsiku wamba ikani pakati pa makilomita 30 ndi 50. Mu X-Plane muli batani la Visibility. Mu Microsoft Flight Simulator mumakwezera Aerosol Density pang'onopang'ono mukuyang'ana mapiri.

Nambala imeneyi sikutanthauza kuti zinthu zimaoneka bwinobwino mpaka pa malirewo kenako n'kuzimirira. Akatswiri a zanyengo amaiwerengera pamene kuwala kwatsala magawo 5 pa 100 alionse, ndipo kuchepako kumayambira pa windo pomwe. Mukaika makilomita 40, nkhalango ili pa makilomita 10 yataya kale pafupifupi theka la kusiyana kwake ndi thambo, ndipo ili pa makilomita 20 yatsala ndi gawo limodzi mwa magawo asanu okha. Zinthu zakuda ndizo zimasintha msanga. Nkhalango ya paini imasanduka yotuwa mwabuluu pamene mchenga ndi chipale chofewa zikuonekabe ndi mtundu wake. Ku Innsbruck yesani motere: werengani mizere ya mapiri kuchokera pafupi kupita kutali. Mzere uliwonse uyenera kuyererako ndi kupendekera ku buluu kuposa wapatsogolo pake. Ngati mzere wachitatu uli wobiriwira ngati woyamba, onjezerani mpweya, osachepetsa mtundu wa mitengo.

Nyengo ya Live ili ndi msampha wake. Malipoti a nyengo a pa mabwalo a ndege, otchedwa METAR, akalemba 9999 pa kutalika koonera amatanthauza makilomita 10 kapena kuposerapo, basi. Tsiku la makilomita 12 ndi la makilomita 120 amalembedwa chimodzimodzi, ndipo gemu imachita kupenekera. Ndiye musaweruze mitundu pa nyengo ya Live. Kumbukiraninso kuti fumbi ndi chinyezi zambiri zimakhala m'munsi, nthawi zambiri m'kilomita imodzi kapena awiri oyamba masana. Mukakwera kupyola pamenepo thambo limada buluu wake, ndipo kunsi kumaoneka mzere wotuwa wowongoka. Si vuto la gemu limenelo. Musalichotse.

Dzuwa la masana ndi loyera pang'ono mwachikasu, cha m'ma 5500K, ndipo likamalowa limatsika kufika pansi pa 3000K. Mithunzi imaunikiridwa ndi thambo, choncho imapendekera ku buluu. Mthunzi wakuda bii kapena wabulauni pa tsiku lopanda mitambo ndi chizindikiro choti fyuluta yapyola. Musakonze mitundu dzuwa likulowa. Nthawi imeneyo chilichonse chimakongola, ndi zolakwika zomwe.

Gemu imatsanziranso diso: mukayang'ana pa mawotchi a m'chipinda cha woyendetsa, mmene muli mdima, kunja kumayera kwambiri. Pofanizira jambulani muli pa kamera imodzimodzi nthawi zonse. Mu Microsoft Flight Simulator ya 2020 muli fayilo ya UserCfg.opt, ndipo m'gawo lake la PostProcess muli mizere monga ColorGrading, Sharpen, Fringe, FilmGrain ndi Vignette, iliyonse ili ndi 1 kapena 0. Tsekani gemu, koperani fayiloyo pambali, ikani 0 pa Fringe, FilmGrain ndi Vignette, zomwe zimangotsanzira zilema za kamera. ColorGrading iyeseni mbali zonse ziwiri pa mabwalo anayi aja, musankhe nokha. Mukadzasintha zina m'kati mwa gemu, tsegulaninso fayiloyo muone ngati manambala anu alipobe.

Nthaka

Diso limakhululuka mtundu ukaphonya pang'ono, koma silikhululuka kuwala kwa zinthu kukasemphana. Nkhalango ya paini imabweza magawo 8 mpaka 15 pa 100 a kuwala kwa dzuwa, udzu pafupifupi 25, mchenga wa m'chipululu pafupifupi 40, chipale chofewa chongogwa kumene 80 mpaka 90. Phula watsopano ali cha m'ma 5, wakale cha m'ma 12. Nkhalango, mwachidule, ndi chinthu chakuda. Ikawala ngati msipu, dziko lonse limaoneka ngati chidole, ngakhale kubiriwira kwake kutalondola chotani.

Mu Microsoft Flight Simulator zithunzi za pansi zimachokera ku Bing Maps kudzera pa intaneti, ndiye musanadandaule onani ku Data ngati Bing Data World Graphics ndi yoyatsa. Intaneti ikafooka gemu imaika nthaka yongopeka, yamtundu wina. Anisotropic Filtering ikhale pa 16x. Ikatsika, nthaka yakutali imasakanikirana n'kukhala phala lamtundu umodzi, ndipo anthu amaganiza kuti mtundu ndiwo walakwika. Kupitirira apa zithunzizo simungazisinthe nokha mosavuta, mumadalira mpweya ndi fyuluta.

Mu X-Plane mphamvu zili m'manja mwanu ngati mukugwiritsa ntchito Ortho4XP, pulogalamu imene imamanga dziko ndi zithunzi za m'mwamba, chigawo chilichonse digiri imodzi m'litali ndi m'lifupi. ZL ndi muyezo wa kuyandikira kwa chithunzi: pa ZL16 pixel imodzi ndi mamita pafupifupi 2.4 cha ku equator, pa ZL17 ndi 1.2, ndipo sitepe iliyonse imadya malo a pa disiki kanayi. Pa nkhani ya mtundu kukweza ZL sikuthandiza kanthu. Chithunzi chopendekera ku zobiriwira pa ZL16 chimakhalabe chotero pa ZL18, mwangotha disiki. Kawirikawiri amene amapereka zithunzi amasinthanso chithunzi pakati pa ZL ina ndi ina, kotero kuzungulira bwalo la ndege kumene mwakweza ZL kumatuluka bokosi lamtundu wina. Muyambe mwaona pa Preview musanatsitse.

Mavuto a zithunzi zoterezi ndi odziwika. Zinajambulidwa miyezi yosiyana ndi makamera osiyana, ndiye pamakhala misoko pamene munda umodzi uli wobiriwira mbali ino, wouma mbali inayo. Zina zili ndi mithunzi ya tsiku lojambulalo, ndipo dzuwa la m'gemu likakhala kwina mithunzi imaloza mbali ziwiri. Lalikulu ndi ili: zithunzi zambiri zili kale ndi kutuwa kwa mpweya, gemu n'kuthiranso kwake pamwamba, mpweya n'kuwerengedwa kawiri. Apa pokha ndi pamene kuwonjezera mtundu kuli koyenera, ndipo kuchitike pa chithunzicho, osati pa sikirini yonse.

Tsegulani chimodzi mwa zithunzi za JPEG za m'foda ya Orthophotos mu GIMP, pulogalamu yosinthira zithunzi. Tengani Color Picker, yatsani Sample average, radius ikhale 10 kapena kuposerapo kuti musatole kadontho kamodzi kosocheretsa. Dinani pa chinthu chimene mukudziwa kuti n'chotuwa: msewu wa phula, denga la konkire, msewu wonyamukira ndege pomwe palibe mikwingwirima ya matayala. Manambala a R, G ndi B (kufiira, kubiriwira ndi buluu) ayenera kuyandikana. Mukapeza 118, 131, 120, chithunzi chapendekera ku zobiriwira. Mukapeza B ali pamwamba ndi 10 kapena 15, muli mpweya wotsalira. Konzani ndi Levels, mtundu uliwonse pawokha. Kenako funani malo akuda kwambiri, monga mthunzi wa nyumba yaitali. Ngati ali pa 60 m'malo mwa 15 kapena 20, kokani malire akuda mpaka afike. Zoyera musazifikitse pa 255. Zisiyeni cha m'ma 230, chifukwa dzuwa la m'gemu lidzawonjezerapo, ndipo madenga ndi mchenga zikapyola zimapsa n'kukhala zigamba zoyera mbee zopanda kanthu m'kati.

Manambala mwapezawo musawaike pa chithunzi chimodzichimodzi pamanja. Ortho4XP ili ndi foda ya Filters, mmene mumalemba kusintha kwa levels, saturation ndi brightness-contrast kamodzi, n'kukumangiriza kwa wopereka zithunziyo kuti dera lonse lisinthe mofanana. Ndipo nthawi zonse sinthani JPEG, osati DDS, mafayilo amene Ortho4XP imapanga kuchokera ku JPEG kuti gemu iwerenge. Kapanikizidwe ka DDS kotchedwa DXT1 kamadula chithunzi m'timabokosi ta mapixel 4 kwa 4 ndi kusunga mitundu mopereweza, kotero mukatsegula DDS, kuisintha ndi kuisunganso kawiri katatu, zotuwa zimayamba kubiriwirako ndipo timabokosi timaonekera.

Chotsala ndi mitengo. X-Plane 12 imasintha masamba malinga ndi nyengo ya chaka, koma chithunzi cha pansi chimakhala cha tsiku limene chinajambulidwa. Mitengo yoyoyoka masamba pa nthaka yobiriwira biriwiri, kapena yobiriwira pa nthaka youma, imaoneka ngati yomata. Mankhwala ake ndi osavuta: ikani deti la m'gemu pa mwezi wofanana ndi wa chithunzicho.

Nyanja

Madzi ndi ovuta kuposa nthaka chifukwa mtundu wake ndi zinthu zitatu zosanjikizana: thambo limene likubwezedwa pamwamba, kuwala kotuluka m'kati mwa madzimo, ndi pansi pa nyanja ngati pakuoneka. Chimene chikulamulira chimadalira mmene mwapendekera poyang'ana. Mukayang'ana chindunji pansi, pamwamba pa madzi pamabweza magawo 2 okha pa 100 a kuwala, ndiye mumaona za m'kati. Mukapendeka ndi madigiri 60 kuchoka pa chindunjicho amakhala pafupifupi 6, pa madigiri 80 pafupifupi 35, ndipo cha kumalire a thambo madzi amakhala ngati kalilole. Choncho nyanja yolondola imada kunsi kwa ndege, n'kumayererako ndi kutenga mtundu wa thambo pamene ikutalikira. Kukachita mitambo imatuwa, ngakhale ku Bahamas kumene. Nyanja imene ili buluu mmodzimmodzi kuchokera pansi pa phiko mpaka kumapeto, kaya kuli dzuwa kaya mitambo, ndi penti.

M'kati mwa madzi kuwala kofiira kumamezedwa m'mamita ochepa oyamba, ndipo buluu ndiye amalowa kutali. Nyanja yakuya yopanda zinyalala imabweza magawo pafupifupi 6 okha pa 100 a kuwala, kutanthauza kuti ndi yakuda kuposa nkhalango. Izi ambiri sazikhulupirira mpaka atayeza ndi Color Picker pa chithunzi chenicheni. Buluu wowala wobiriwirako uja amafuna zinthu zitatu pamodzi: madzi osaya, oyera, ndi mchenga woyera pansi woti ubweze kuwala. Nyamukani ku Nassau mulunjike kumadzulo chakum'mwera, ku chilumba cha Andros. Mudzadutsa madzi osaya owala, okhala ndi zigamba zakuda pomwe pali udzu wa m'nyanja ndi zabulauni pomwe pali matanthwe, kenako mwadzidzidzi phompho la Tongue of the Ocean, buluu wakuda. Malire ake ndi akuthwa ngati odula ndi lumo. Ngati m'gemu mwanu mbali ziwirizi zili pafupi kufanana, kapena zikusungunukirana pa mtunda wautali, pamenepo mpofunika ntchito.

Kwina madzi amatenga mtundu wa zimene anyamula. Tizomera ting'onoting'ono ta m'madzi timawabiriwitsa, ndipo pamodzi ndi matope timapangitsa North Sea kukhala yotuwa mobiriwirako, yosaoneka pansi ngakhale pafupi ndi gombe. Pamene mtsinje wa Amazon umathira m'nyanja madzi ndi abulauni kwa mtunda wautali, ndipo pafupi ndi Manaus madzi akuda a Rio Negro amayenda pambali pa amatope a Solimões kwa makilomita angapo osasakanikirana. Lake Pukaki ku New Zealand ndi yabuluu woyererako ngati munathiridwa mkaka, chifukwa cha fumbi la miyala yoperedwa ndi madzi oundana. Ndiye fyuluta iliyonse yolonjeza nyanja yokongola dziko lonse imakhala yatenga Caribbean n'kukaiika ku gombe la Netherlands. Kongola kumakongola, koma si North Sea.

Mphepo nayo ndi mbali ya mtundu. Kukakhala bata madzi amabweza thambo ndi mitambo ngati galasi. Mafunde akayamba, mbali zake zopendekera kwa inu zimabweza thambo la pamwamba, lomwe ndi lakuderako, ndiye nyanja yonse imada buluu wake. Thovu loyera limayamba apa ndi apo mphepo ikafika ma knot 7 mpaka 10, n'kuchuluka pa 11 mpaka 16. Njira yonyezimira ya dzuwa pa madzi imakhala yopapatiza pa bata, n'kutambalala mphepo ikakula. Poyesa ikani mphepo ya ma knot 10 pansi penipeni, osati m'mwamba mokha. Mu X-Plane onaninso kutalika kwa mafunde, kusapose mita imodzi pa mphepo yoteroyo. Anthu ambiri amene amati nyanja yawo ikuoneka ngati pulasitiki amakhala asiya mphepo pa 0.

Mu Ortho4XP gombe limakonzedwa ndi ma mask, amene amalola chithunzi cha m'mwamba kuonekera pafupi ndi mtunda n'kumazimirira m'madzi a gemu. Gwiritsani ntchito Ortho4XP yokonzedwera X-Plane 12, chifukwa madzi ake amajambulidwa mosiyana ndi a X-Plane 11. Mzere wa masks_width umayambira pa mamita 100, zomwe n'zokwanira pa gombe lamiyala lotsetsereka msanga. Pa madzi osaya otambalala mamita 100 amangosiya kamkanda kowala kozungulira chilumba, kosaoneka ngati kenikeni. Kwezani kufika pa 1,000 kapena kuposerapo, koma muyambe mwaona kuti chithunzicho chikufika pati. Opereka zithunzi ambiri amalekezera pafupi ndi gombe n'kudzaza kwinako ndi buluu wongopaka, zoyera kapena zakuda, ndipo mask yaikulu imavumbula msokowo pamodzi ndi kunyezimira kwa dzuwa kwa tsiku lojambula ndi maboti oima chilili ndi thovu lawo kumbuyo. Pa masking_mode, sand imazimirira mofewa, rocks imadula msanga, ndipo 3steps imakupatsani miyezo itatu yoti muike nokha. Pa mitsinje ndi nyanja za pamtunda pali ratio_water: 0 ndi chithunzi chokha, 1 ndi madzi a gemu okha. Pa mtsinje wamatope itsitseni kuti bulauni wa chithunzi aonekere. Ngati chithunzi chili ndi zigamba zonyezimira ikwezeni. Mukasintha m'lifupi mwa mask bwerezani sitepe 2.5 (yopanga ma mask) ndi sitepe 3 (yomanga zithunzi) mu Ortho4XP, apo ayi simuona kusintha kulikonse.

Fyuluta

Zonsezi zikatha, chotsala chimakhala chaching'ono, ndipo ndi chimenecho pulogalamu ya mafyuluta ya ReShade kapena mafyuluta a NVIDIA angakonze. Poika ReShade sankhani njira yojambulira yolondola: Vulkan pa X-Plane 12, DirectX pa Microsoft Flight Simulator. Batani la Home limatsegula zosankha zake m'kati mwa gemu. Yatsani zochepa: Curves pang'ono, ndi Vibrance m'malo mwa saturation wamba, chifukwa Vibrance imakweza mitundu yofooka n'kusakhudza kwambiri imene yalimba kale. Ndondomeko ya mafyuluta pa mndandanda ndi yofunika, popeza iliyonse imagwira pa zotsatira za inzake ya pamwamba. Zokonza mtundu zikhale poyamba, zonola chithunzi pambuyo.

Amene akufuna kulondola kwambiri apange LUT yawo, kachithunzi kouza fyuluta mtundu woika m'malo mwa mtundu uliwonse. Jambulani chithunzi cha m'gemu fyuluta ili yozimitsa. Mu GIMP matanipo fayilo ya lut.png ya m'foda ya Textures ya ReShade, kachingwe ka mapixel 1024 kwa 32, osakatambasula ngakhale pang'ono, n'kuphatikiza zonse zikhale chithunzi chimodzi. Sinthani mitundu mpaka ifanane ndi chofanizira chanu, pogwiritsa ntchito zosintha chithunzi chonse mofanana zokha, monga Levels, Curves ndi Hue-Saturation. Kunola, kufewetsa kapena kupaka mbali imodzi kumawononga LUT. Dulani kachingweko molondola mpaka pa pixel, sungani monga PNG, osati JPEG, n'kukabwezera m'fodamo.

Fyuluta siidziwa kusiyanitsa udzu ndi wotchi ya ndege; imagwira chilichonse chili pa sikirini. Mukachepetsa zobiriwira kuti mukonze minda ya ku Netherlands, madzi osaya a ku Bahamas amafa nawo, ndipo zolembedwa zobiriwira za pa mawotchi zimathimbirira. Mukakweza Curves, thambo limayamba kuoneka mizeremizere, chifukwa chithunzi cha 8-bit chili ndi masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse ndipo mukuwatalikitsa. Fyuluta ya Deband imabisako, koma kubwerera m'mbuyo pang'ono ndiko kwabwino. Diso nalo limazolowera mtundu uliwonse m'mphindi zochepa, choncho ikani batani loyatsira ndi kuzimitsira fyuluta yonse, ndipo muzichokapo pa sikirini mphindi 10 musanagamule.

Yesero lomaliza ndi la pofika pa bwalo. Tsikani molunjika msewu wa ndege muyang'ane magetsi anayi a PAPI, a pambali pa msewuwo osonyeza ngati mukutsika pa mzere woyenera: ofiira ndi oyera ayenera kusiyana bwino muli pa mtunda wa mamailosi 3 kapena 4, awiri ofiira awiri oyera mukakhala pa mzere woyenera. Ngati oyera achita pinki kapena ofiira achita olenji, fyuluta yalowerera pa chinthu chimene mumatererapo. Bwerezani madzulo ndi usiku wa mwezi. Curves imene imakometsa masana imameza mapiri opanda magetsi usiku, ndipo ku Innsbruck zimenezo zimatanthauza kulowa m'chigwa osaona makoma ake. Sungani preset (gulu la zosankha za fyuluta) yachiwiri ya usiku yopanda Curves, muipatse batani lake.